Kapaipi ka giza kakudontha, kodi mukatseke?

Mayi wina amene akumaliza nyumba yake pa boma la Dedza wandilembera imelo. Akuti anagula giza ya malita 150, pulambala waiika m'siling'i, koma kapaipi kena kotulukira kunja kamadontha giza ikamatenthetsa madzi. Pulambalayo wati abwera ndi chotsekera kuti bilu ya madzi isakwere. Mayiwa akufunsa ngati avomere, komanso zoti aone asanamalize kumulipira.

Mayi, musavomere ngakhale pang'ono. Madzi akamatentha amafufuma. Malita 150 a madzi ozizira a ku Dedza kuno m'mwezi wa June akafika pa madigiri 60 amawonjezekera ndi malita awiri ndi kanthu. Giza ndi thanki yotsekeka, ndipo madzi sapanikizika, ndiye owonjezekerawo ayenera kupeza potulukira. Kudonthako ndi umboni woti valavu yotulutsa madzi owonjezerekawo ikugwira ntchito yake. Tcherani ndowa, madziwo muzithirira maluwa. Koma ngati akuchucha usana ndi usiku ngakhale giza itazimitsidwa, valavuyo yatha kapena mwalowa mchenga. Pamenepo imatsukidwa kapena kusinthidwa, osati kutsekedwa.

Mapaipi otulukira kunja amayenera kukhala awiri, kuwonjezera pa ya thireyi yolandira madzi odontha pansi pa giza. Yoyamba ndi imene ikudonthayo, yochokera pa valavu yochepetsa mphamvu ya madzi, imene imaikidwa pa paipi yolowetsa madzi ozizira. Yachiwiri imachokera pa valavu yachitetezo yomwe imamangidwa pa thupi la giza penipeni. Iyi masiku onse imakhala youma. Imatseguka pokhapokha thermostat (kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira) ikafa, elementi (chitsulo chotenthetsa madzi) n'kumangotenthetsabe mpaka madzi atatsala pang'ono kuwira, kapenanso mphamvu ya madzi ikapitirira muyezo. Munthu akaitseka, madzi opanikizidwawo amapitirira madigiri 100 osawira, ndipo thanki ikang'ambika amasanduka nthunzi nthawi imodzi. Giza yotere imaphulika n'kusasula denga. N'chifukwa chake paipi imeneyi iyenera kukhala yachitsulo, makamaka ya kopa, chifukwa pulasitiki imafewa ndi madzi otentha chonchi. Izitsetsereka mpaka kunja, pasakhale mpopi kapena chotsekera chilichonse, ndipo ithere poonekera koma pomwe mwana sangaimepo.

Kwerani makwerero kapena tumani wina akawerenge chikwangwani cha pa gizayo. Zambiri zimene zimagulitsidwa kuno zimalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa (kPa ndi muyezo wa mphamvu ya madzi), ndipo nambala ya pa valavu yochepetsa mphamvu isapose ya pa giza. Dedza ndi wa mapiri, choncho nyumba ya kumunsi imalandira madzi a Central Region Water Board amphamvu kuposa ya kumtunda, makamaka usiku anthu akatseka mipopi. Ngati mumamwa a m'thanki ya pa nsanja, nkhani ndi ina. Mamita 10 a kutalika amapereka pafupifupi 100 kPa basi, ndiye vuto lanu lidzakhala shawa yofooka. Ndimakondanso kuti madzi ozizira opita kubafa atengedwe valavu yochepetsa mphamvu ija itadutsidwa kale, kuti otentha ndi ozizira afike pa shawa ndi mphamvu yofanana.

Chimene apulambala ambiri amadumpha pofuna kupulumutsa ndalama ndi timavalavu tiwiri tolowetsa mpweya, totchedwa vacuum breaker. Timaima pa timapaipi masentimita 30 pamwamba pa giza, kena kumbali ya madzi ozizira, kena kumbali ya otentha. Madzi akasiya kubwera m'mipopi, timeneti ndi timene timaletsa giza kuyamwidwa mpaka kuuma. Elementi ikayaka popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa.

Za kulemera musazichepetse. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye pamwamba pa mutu wanu pali makilogalamu 150 a madzi, kuwonjezerapo kulemera kwa thanki yakeyo. Ikhale pa matabwa olimba otsamira pakhoma, osati pa timitengo togwira siling'i. Pansi pake pakhale thireyi yokhala ndi paipi yakeyake yotulukira kunja.

Zamagetsi ndi ntchito ya munthu wa chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, osati pulambala yemweyo chifukwa choti ali ndi sikuludiraiva m'thumba. Elementi ya 3 kW pa mavoti 230 a ESCOM imakoka ma amp 13, choncho giza imafuna waya wakewake kuchokera pa bolodi, bureka yakeyake, ndi swichi pafupi ndi gizayo yoti wokonza azizimitsira. Waya wa earth, woteteza munthu kugwidwa ndi magetsi, ugwire thupi la giza ndi mapaipi achitsulo omwe. Tsiku loyatsa, yambani mwatsegula mpopi wa madzi otentha mpaka utasiya kutsokomola mpweya, madzi akuyenda bwinobwino, kenako muyatse.

Thermostat muiike pa 60. Mukatsitsa kwambiri, m'madzi ofundawo mumaswana tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo choopsa. Mukakweza, mumangotentha mayunitsi ndi manja a ana. Ndi chisanu cha kunochi, mapaipi a madzi otentha muwakutire, makamaka oyandikana ndi giza.

Pulambala wanuyo akabwera ndi chotsekera chija, mumupemphe akuonetseni ndi chala mavalavu onse ndi komwe paipi iliyonse ikuthera. Akalephera, ndalama yotsalayo muigwire kaye, muitane wina adzaone.