Gulani bukulo, achemwali, ngakhale filimu yake munaionera kale

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kutulutsa ndalama kugula mabuku a nkhani zoopsa pamene mafilimu ake munawaonera kale, ndipo mwatchula The Shining, imene mukuti munaionera sabata yatha kwanu ku Turffontein. Ine ndikuti gulani bukulo, chifukwa nkhani imene munaona si imene Stephen King analemba mu 1977, ngakhale kuti mayina a anthu ndi hotela ya Overlook ndi omwewo.

Mufilimu ya Stanley Kubrick ya mu 1980, Jack Nicholson, amene akusewera ngati Jack Torrance, akangoonekera m'galimoto muja, munthu umadziwiratu kuti bambo ameneyu mutu wake suli bwino, ndipo chimene umadikira n'chakuti anyamule nkhwangwa liti. M'buku, Jack Torrance ndi bambo wokonda mwana wake Danny, amene akulimbana ndi uchidakwa, amene anathyolapo mkono wa mwanayo ataledzera, ndipo anachotsedwa ntchito yauphunzitsi atamenya mwana wasukulu. Amapita kukayang'anira hotelayo nyengo yachisanu ali ndi mtima wofunadi kukonza banja lake. Wowerenga amakhala m'mutu mwa bamboyo tsamba ndi tsamba, n'kumamva mmene akudzilungamitsira, mmene akuyambira kuona mkazi wake ngati mdani, mpaka umazindikira kuti pena ndi pena wakhala ukugwirizana naye. Ine pamenepo ndi pamene ndinagwidwa tsemwe, osati pa mizukwa. Ambiri a ife tinakulira pafupi ndi nyumba imene bambo ake anali munthu wabwino masana, koma ana ankathawira kwa aneba akamva nyimbo yake usiku akuchokera ku mowa. Bukuli limafika pa mantha amenewo, pamene filimu imangowadutsa m'mbali.

Mupezanso zambiri zimene simunazione. Chida chimene Jack amanyamula si nkhwangwa koma nyundo yamtengo yosewerera masewera ena a pabwalo. Wendy wa m'buku, mkazi wa Jack, ndi mayi wolimba mtima, osati wongokuwa ndi kunjenjemera, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene King wakhala akunenera poyera kuti filimu ya Kubrick siimusangalatsa. Mathero nawonso ndi osiyana kotheratu. Sindikuuzani mmene zimathera, koma mukamawerenga muziika mtima pa boila yakale ya m'chipinda chapansi, imene Jack amayenera kuiphwetsa tsiku lililonse.

Musamve ngati ndikunyoza filimuyo. Phokoso la njinga ya Danny ikamachoka pa kapeti kupita pa matabwa, ndi atsikana awiri oima m'khonde lalitali lija, ndi zinthu zimene pepala silingachite, ndipo m'buku simudzazipeza mmene munazionera. Kanema amagwira diso ndi khutu, ndipo akudzidzimutsa pa nthawi imene iye wasankha. Buku limakusiya udzipangire wekha chinthu choopsacho, monga mmene nthano za agogo zinkachitira pamoto, pamene fisi kapena mzukwa wa m'nthano unkatenga nkhope imene mwana aliyense ankaiopa payekha. Umboni wake ulipo pa nkhani yomweyi. M'buku muli mitengo yodulidwa ngati nyama, imene imasuntha pokhapokha munthu akayang'ana kumbali, ndipo ndime zimenezo zimafooketsa m'nkhongono. Mu 1997 King analemba yekha sewero la pa wailesi yakanema la magawo atatu, lotsogoleredwa ndi Mick Garris, lotsatira buku mokhulupirika, ndipo nyama zija anazionetsa zikuyenda mothandizidwa ndi kompyuta. Kwa ine mantha onse anathera pomwepo, chifukwa chinthu chimene ndinkachiopa m'maganizo ndinachiona ndi maso n'kupeza kuti n'chaching'ono.

Mukamaliza limenelo, funani The Haunting of Hill House la Shirley Jackson, la mu 1959. Ndi buku lalifupi loti mungalimalize m'masiku ochepa mukuwerenga m'takisi popita ku ntchito. Limanena za Eleanor, mayi wosungulumwa amene anatha zaka zambiri akudwazika mayi ake, ndipo mpaka kumapeto sudziwa bwinobwino ngati nyumbayo ili ndi mizimu kapena ngati zonse zikuchokera mwa iye mwini. Filimu ya Robert Wise ya mu 1963, yopanda mitundu, inasunga chinsinsi chimenecho, chifukwa siionetsa mzukwa ngakhale umodzi, koma kugogoda kwa pakhoma ndi chitseko chofufuma ngati chikupuma. Ya mu 1999 inadzaza nyumba yonse ndi zithunzi za pakompyuta, ndipo imeneyo mungathe kuisiya. Sewero la pa Netflix la mu 2018, la magawo 10, lotsogoleredwa ndi Mike Flanagan, linangotenga nyumba ndi mayina n'kupanga nkhani yatsopano ya ana asanu a banja limodzi. Limeneli ndimalilemekeza, chifukwa pansi pa mizukwa pali nkhani ya maliro ndi abale amene sakulankhulana, ndipo ife amene timamva uthenga wa imfa pa foni tili kuno ku Joni, osatha kukafika kumudzi pa nthawi yake, limatikhudza malo ena. Popeza nkhani ziwirizi n'zosiyana, mungayambe ndi iliyonse osaonongerapo inzake.

Sikuti nthawi zonse buku ndi limene limapambana. Ring, buku la ku Japan la Koji Suzuki la mu 1991, limayenda ngati kafukufuku wa mtolankhani, ndipo chithunzi chimene dziko lonse limakumbukira, cha mtsikana wa tsitsi lalitali akutuluka m'kanema, chinabwera ndi filimu ya Hideo Nakata ya mu 1998. Pamenepo ndinganene kuti filimu ikukwanirani. The Exorcist nayo simutaya zambiri mukangoionera, chifukwa William Peter Blatty, amene analemba bukulo mu 1971, ndi yemwenso analemba mawu a filimu ya mu 1973, ngakhale kuti buku limakhalitsa pa kukayikira kwa wansembe ngati mtsikanayo ali ndi chiwanda kapena akudwala matenda a maganizo. Buku la It, lolembedwanso ndi King, musayambe nalo. Lili ndi masamba oposa 1,000, moti mafilimu ake anachita kugawidwa pawiri, mu 2017 ndi mu 2019, ndipo munthu amene akungoyamba kumene angagwe mphwayi asanafike pakati. Dracula la Bram Stoker la mu 1897 nalonso lidikire, chifukwa linalembedwa ngati makalata ndi zolemba za tsiku ndi tsiku, m'Chingerezi chakale chofuna kuleza mtima.

Popeza tikukhala mumzinda uno, ndi bwino mudziwenso Lauren Beukes, amene anabadwira mu Johannesburg momwe muno. Buku lake The Shining Girls la mu 2013, ngakhale dzina likufanana, silikhudzana ndi la King. Nkhani yake imachitikira ku Chicago, ndipo ndi ya chigawenga chimene chimadumpha zaka kudzera m'nyumba ina n'kumapha akazi. Mu 2022 linasandutsidwa sewero la pa Apple TV+, Elisabeth Moss ali patsogolo. Buku limapatsa mkazi aliyense wophedwa moyo wake ndi mbiri yake, pamene sewerolo limakhazikika pa mmodzi amene anapulumuka. Ndikuchenjezeni kuti nkhanza za kwa akazi zalembedwa mosabisa, ndiye ngati zoterezi zimakupwetekani mtima, lisiyeni.

Pa nkhani ya ndalama, musathamangire buku latsopano la m'sitolo za ku Rosebank kapena ku Sandton. Mabuku a King amapezeka kwambiri m'malo ogulitsa mabuku akale, monga ku Collectors Treasury mumsewu wa Commissioner m'tauni, ndiponso ndi bwino kufunsa ku laibulale ya m'dera lanu. Mwanena kuti mumakhala ndi ana a mchimwene wanu m'chipinda chimodzi. Apanso buku likuthandizani, chifukwa mumawerenga nokha ana ali m'tulo, pamene filimu imalowa m'maso ndi m'makutu mwa aliyense amene ali m'nyumbamo. Mukafuna kuonera, yang'anani kaye chizindikiro cha zaka, 16 kapena 18, ndipo dikirani tsiku limene anawo achokapo. The Shining yanga ili ndi chikuto chong'ambika koma masamba onse alipo, ndiye ngati simulipeza m'tauni sabata ino, ndidziwitseni ndikakupatsireni Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville.