Dogwood wachita maluwa, ndiye tomato atuluke?

Mayi wina amene wangosamukira ku Charlotte, mzinda wa ku North Carolina m'dziko la America, wandilembera imelo. Akuti mitengo ya dogwood yayera mbee, aneba akuti chisanu chatha, kodi atulutse mbande zake za tomato?

Mayi, mwandikumbutsa chilonda. Kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Raleigh, ku North Carolina komweko, kunali dogwood mmodzi, wamfupi, wobisala pansi pa mitengo italiitali ya paini. Ikafika Epulo ankachita maluwa masamba asanatuluke, nthambi zake zoyala m'mbali zitangoti mbuu. Mukayandikira mumaona kuti zoyera zinayi zija, chilichonse chokhala ndi kachibowo kunsonga ngati chalumidwa, ndi masamba chabe. Maluwa enieni ndi timibulu tachikasu tounjikana pakati. Kukayamba kuzizira ankabala timbewu tofiira psuu, mbalame n'kumasimba lokoma.

Eni nyumba anaudula. Akuti unkavutitsa potchetcha kapinga. M'malo mwake anabzala Bradford pear, mtengo umene maluwa ake amanunkha ngati nsomba yoola, nthambi zake n'kumathyoka mphepo ikangowomba pang'ono. Ku South Carolina analetsa kuugulitsa mu 2024, ndipo ine ndikuti anachedwa. Munthu wodula dogwood ku North Carolina, kumene anausankha kukhala duwa la boma lawo mu 1941, chifukwa cha kapinga amene sadyedwa, ine sindingamumvetse. Komanso mitengoyi inatha yambiri ndi nthenda ya anthracnose kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, makamaka m'mapiri a Appalachia. Otsalawo tiziwadulanso tokha?

Kapingayu nkhani yake njaitali. Anthu kuno amathirira udzu, kuuthira feteleza, kenako n'kulipira munthu woti audule. Makina otchetchera omwewo ndi amene amasupula khungwa la dogwood, matenda n'kulowera pamenepo. Mizu yake ili pamwambamwamba, safuna kupondedwa, safuna dzuwa la tsiku lonse.

Nanga tomato uja?

Dikirani kaye. Dogwood akachita maluwa nthawi zambiri kumabweranso kuzizira kwa masiku angapo, kumene anthu akummwera kuno amati dogwood winter, ndipo mbande zanthete zimapserera usiku umodzi. Mpiru ndi kabichi bzalani, zimapirira. Tomato muzimutulutsa masana n'kumulowetsa madzulo mpaka kumapeto kwa Epulo, kenako mumuwokere.