Makina a CPAP akupopa mwamphamvu: titsitse mpaka pa nambala yanji?

Mayi wina wa kuno ku Mangochi, cha kwa Mponda, wandilembera imelo. Akuti bambo akunyumba kwawo ankagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo kumeneko anawayeza usiku wonse n'kuwapeza ndi vuto lobanika m'tulo, AHI 38 (nambala yosonyeza kuti amabanika kangati pa ola). Pobwerera kumudzi anagula makina a CPAP, othandiza kupuma m'tulo, kwa munthu amene ankawagwiritsa kale ntchito, otcheredwa pa 14. Tsopano amadzuka mimba itatupa, akungogeya, kukamwa kuli gwa, moti pofika pakati pa usiku amakhala atavula kale masiki. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Nditsitse mpaka pa nambala yanji?"

Mayi, 14 ameneyo si wa bambo. Ndi wa mwini wake woyamba wa makinawo. Koma inenso nditati "ikani pa 9", ndingakhale ndikungolota, chifukwa nambala imeneyi imapezeka poyeza munthuyo ali m'tulo.

Munthu akagona, minofu ya kukhosi imafooka. Kwa ena njira ya mpweya imaphwatalala n'kutsekeka, monga kapaipi kofewa komwera chakumwa kamachitira mukayamwa mwamphamvu. Mkonono umaduka, pamakhala zii kwa masekondi 10 kapena kuposa, kenako munthu n'kudzidzimuka akupuma mofwenthera. AHI imawerenga kuti zotere, pamodzi ndi kupuma koperewera, zachitika kangati pa ola. Kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 lapakati, 30 kupita m'mwamba ndi lalikulu. Ndiye 38 si wochezera. Makinawa sawonjezera oxygen ngati silinda ya kuchipatala. Amangokankha mpweya wa m'chipinda momwemo kuti khosi lisatsekeke. Anawayambitsa ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, yemwe anafalitsa zotsatira zake mu 1981. Ndi osiyananso ndi Pumani, CPAP ija ya ana obadwa masiku asanakwane imene ena munaiona m'zipatala zathu.

Manambala a pa makinawo ndi masentimita a madzi, muyeso wa mphamvu ya mpweya, ndipo makina ambiri amayambira 4 kulekezera 20. Kumene kuli chipinda choyezera tulo, amayambira pa 4, n'kumakweza kamodzikamodzi, kudikira mphindi zosachepera 5 asanakwezenso, kufikira kubanika ndi mkonono zitatha. Amafunitsitsa kuona munthuyo atagona chagada komanso ali m'tulo ta maloto, poti apo ndi pamene khosi limafookeratu. Nambala yabwino ndi yotsikitsitsa imene ikugwirabe ntchito pa nthawi yovutayo. Kunenepa, kukula kwa khosi, kapangidwe ka nsagwada, mowa wa madzulo, zonsezi zimaisuntha. Ngakhale 38 uja sakutiuza kuti bambo akufunika mpweya wamphamvu bwanji. Alipo a AHI yokwera amene 8 imawakwanira.

Chimene mungachite muli konkuno ndi ichi. Yang'anani ngati makinawo alembedwa Auto, AutoSet kapena APAP. Ngati ndi otero, mwapata mwayi, chifukwa amatha kudzikweza ndi kudzitsitsa okha akamva kuti khosi likutsekeka. Dokotala amawapatsa malire a pansi ndi a pamwamba, munthu n'kugona nawo sabata imodzi kapena ziwiri. Kenako amawerenga lipoti la pa sikirini kapena pa kakhadi ka SD. Pamenepo pamaoneka nambala yolembedwa 95% kapena 90%, kutanthauza mphamvu imene inakwanira pafupifupi usiku wonse. Imeneyo ndiyo amayambira akafuna kutchera nambala yokhazikika. Pamaonekanso AHI yotsala, yomwe timafuna ikhale pansi pa 5, ndi kuchuluka kwa mpweya wothawira m'mbali mwa masiki.

Ndati dokotala, osati mnyamata wokonza mafoni, ngakhale mabatani ake angawadziwe. Njira ya Auto siyenera aliyense. Ngati bambo ali ndi vuto la mtima wofooka, matenda okhalitsa a m'mapapo, kapena amamwa mankhwala amphamvu opha ululu, pamafunika kuyeza kwina. Nyamulani makinawo, masiki ndi pepala la ku Joni lija, mupite nazo ku chipatala cha boma cha Mangochi, mukapemphe kuti akutumizeni kwa dokotala woona za m'chifuwa, kaya ku Zomba kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngati makinawo si a Auto, iyeyo ndi amene azisintha pang'onopang'ono akuwerenga lipoti.

Mimba yotupa ndi kugeya zikusonyezadi kuti 14 ikhoza kukhala yopitirira, mpweya wina ukulowera m'mimba. Mphamvu ikachulukitsa, ena amayambanso kudukiza kupuma ngakhale khosi lili lotseguka. Koma kutsitsitsa nakonso n'koopsa mwakachetechete: munthu amagona bwinobwino ndi masiki, banja lonse n'kumati zatheka, pomwe akubanikabe ndipo BP ikukwerabe. Inu mayi ndi amene mungazindikire msanga. Mukamva mkonono masiki ali kumaso, mpweyawo wachepa.

Zilipo zina zimene mungakhudze nokha osasintha nambala. Ramp imachititsa kuti makina ayambire pansi n'kumakwera pang'onopang'ono munthu akupeza tulo. EPR pa makina a ResMed, kapena Flex pa a Philips, imafewetsa mpweya potulutsa. Kukamwa kouma nthawi zambiri ndi chifukwa chogona kukamwa kuli yasa ndi masiki a pamphuno pokha, mpweya n'kumatulukira pakamwa. Apa pamafunika lamba wa pachibwano kapena masiki ophimba mphuno ndi kamwa. Ndiye thukuta lathu la mu Okutobala: masiki amaterereka, mphira wakale umauma, ndipo munthu amakoka malamba mpaka kusiya mizere m'masaya, koma mpweya ukufwiizabe m'maso. Masiki a munthu wina musawadalire n'komwe, gulani a saizi ya bambo. Fumbi likachuluka, kasefa ka mpweya ka kumbuyo kwa makina muzikayang'ana pafupipafupi. Magetsi akathima ndipo mukudalira batire ya sola, zimitsani chotenthetsa madzi cha pa makinawo, ndicho chimadya moto kwambiri.

Tembenuzaninso makinawo muwerenge dzina. Mu Juni 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake ambiri, kuphatikizapo DreamStation yoyamba, chifukwa thonje lochepetsa phokoso la m'kati linkatha kufumbutuka, makamaka kotentha ndi kwachinyezi. Kuno kunyanja zonse ziwirizo tili nazo. Mukaona tizidutswa takuda m'paipi kapena m'masiki, mukauze dokotala tsiku lomwelo.

Simunanene ngati bambo amayendetsa galimoto kapena njinga yamoto. Ngati amasinza masana, asagwire chiwongolero kufikira lipoti litaonetsa kuti makina akuwathandiza.