Kodi Ajapani amadikira mneni kuti amve chiganizo?

Achimwene, mwafunsa kuti poti m'Chijapani mneni amabwera kumapeto, kodi womvera amangokhala duu mpaka mneniyo afike, nanga wolankhula amayamba bwanji asanatchule chochitika. Sadikira ayi. Chimene chimawatsogolera ndi timawu tating'ono tomatidwa kumbuyo kwa dzina lililonse.

Tofunika kwambiri ndi tinayi: "ga" kamasonyeza wochita, "o" chochitidwa, "ni" wolandira kapena kolowera, ndipo "wa" mutu wa nkhani. Munthu akangomva dzina ndi kamawu kake, m'mutu mwake wayamba kale kulumikiza chiganizo ndi kulosera zotsala.

Izi zinayesedwa. Mu 2003 Yuki Kamide, Gerry Altmann ndi Sarah Haywood anaonetsa Ajapani chithunzi cha woperekera zakudya, kasitomala ndi chakudya, uku makina akutsata kumene maso awo akuyang'ana. Akamva "ueitoresu-ga kyaku-ni" ("ueitoresu" ndi woperekera zakudya, "kyaku" ndi kasitomala), maso ankathamangira pa chakudyacho chisanatchulidwe n'komwe, mneni ali kutali. Koma akamva "kyaku-o" sankathamangirako kwambiri. Chifukwa chake n'choti "ga" ndi "ni" zikakumana, kawirikawiri pamatsala chinthu chachitatu choti chiperekedwe, pamene "ga" ndi "o" zimakwana pazokha, chotsala ndi mneni basi. Kamawu kamodzi kokha kanasintha koyang'ana maso.

Chimodzimodzi "ga" akabwera kawiri, monga mu "Taro-ga Hanako-ga kita to itta", kutanthauza kuti Taro anati Hanako wabwera. Edson Miyamoto anasonyeza mu 2002 kuti owerenga amachedwa pa "ga" wachiwiriyo, chifukwa ndi pamene amazindikira kuti mkati mwa chiganizo mwatseguka chinanso.

Koma kulosera kuli ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene ngakhale eni chilankhulo amapunthwa. Ife tili ndi "amene" wotichenjeza kuti kukubwera mawu ofotokoza dzina. Chijapani chilibe mawu otere, ndiponso kufotokozako kumabwera dzina lisanafike. Onani ichi: "Taro-ga hon-o yonda kodomo-o hometa". Pofika pa "yonda", aliyense wamva kuti Taro anawerenga buku. Kenako pakutulukira "kodomo", mwana, ndiye zadziwika kuti wowerenga bukuyo ndi mwanayo, Taro anangomuyamikira. Kukonza kumeneku n'kopepuka, poti wochotsedwa pamalo ndi Taro yekha.

Kumalemera ngati mayina awiri achotsedwa pamodzi. Reiko Mazuka ndi Kenji Itoh anapereka chitsanzo ichi mu 1995: "Yoko-ga kodomo-o koosaten-de mikaketa takusii-ni noseta". Poyamba zimamveka ngati Yoko anaona mwana pamphambano. Mukafika pa takisi ndi mneni wotsiriza, mupeza kuti chimene anaona pamphambanopo ndi takisi, ndipo mwanayo anam'kweza m'menemo. Apa ambiri amabwerera m'mbuyo kukawerenganso. Polankhula, kupuma pang'ono ndi kakwezedwe ka mawu zimathandiza kusonyeza malire. Polemba, wolemba wosamala amaika mpumiro pamene chiganizo chamkaticho chikuyambira.

Mayina akhoza kusinthana malo, "o" n'kutsogolera "ga", tanthauzo osasintha. Kungoti zoterezi zimachedwetsa owerenga pang'ono, ndipo sizichitikachitika.

Ku mbali ya wolankhula, kafukufuku amene ndimamuona wogwira mtima ndi wa Shota Momma, Robert Slevc ndi Colin Phillips wa mu 2016. Ankauza anthu kuti afotokoze chithunzi, n'kuwasokoneza ndi mneni wina wa tanthauzo loyandikana ndi amene akufunikayo. Chiganizo chikamayamba ndi chochitidwa, anthu ankachedwa kutsegula pakamwa. Chikamayamba ndi wochita, sankachedwa. Ndiye kuti munthu angathe kutchula wochita asanasankhe mneni weniweni, koma chochitidwa sachitchula mneni asanakhazikike m'mutu. N'zomveka ndithu, chifukwa mneni ndiye amalamula kamawu: kukumana ndi munthu, "au", kumafuna "ni", pamene kumuona, "miru", kumafuna "o". Choncho mneni amatchulidwa kumapeto, koma amasankhidwa msanga.

Palinso zimene Hiroko Yamashita ndi Franklin Chang anapeza mu 2001: Ajapani amakonda kutsogoza chigawo chachitali cha chiganizo, chachifupi n'kuchiika pafupi ndi mneni, mosiyana ndi olankhula Chingerezi amene amasiya chachitali kumapeto.

Vuto lina ndi kukana. Ife timakana poyambirira, "sindipita", pamene iwo amakana kumchira kwa mneni ndi "-nai" kapena "-masen". Komabe pali mawu ochenjeza amene amabwera msanga. Mukamva "kesshite", "amari" kapena "shika", yembekezerani kukana. "Moshi" akuitana "-tara" kapena "-ba", ndiye kuti "ngati". "Tabun" amayenda ndi "daroo" kapena "deshoo", kusonyeza kukayika. "Zenzen" nayenso amaphunzitsidwa ngati wokana, koma musamudalire kwambiri, chifukwa pocheza anthu amanena "zenzen daijoobu" kutanthauza kuti zili bwinobwino.

Ngati mukuphunzira chilankhulochi, siyani chizolowezi chothamangira kumapeto kukasaka mneni kenako n'kubwerera. Papepala zimatheka, koma pomvetsera mawu sabwerera. Tengani ziganizo 10 zazifupi, phimbani mneni ndi chala, werengani dzina lililonse pamodzi ndi kamawu kake ngati mawu amodzi, kenako nenani aneni atatu amene angakwane pamenepo musanavundukule. Mukaona mneni akutsatiridwa ndi dzina nthawi yomweyo, dziwani kuti mawu am'mbuyowo akufotokoza dzinalo, ndipo dzifunseni kuti "ga" woyamba uja ndi wa mneni uti. Wochita akasowa, zomwe zimachitika kawirikawiri, yang'anani kumapeto: "kureta" akusonyeza kuti wina wachitira wolankhulayo kapena wa mbali yake, "ageta" akusonyeza kuti chinthu chachoka kwa wina kupita kwa munthu amene si wolankhulayo, ndipo mneni waulemu monga "irasshatta" sangakhale wa wolankhulayo, poti munthu sadzipatsa yekha ulemu umenewo.