Mphete Imodzi inasungunuka, nanga 19 zija zinathera kuti?

Mmodzi wa inu wanditumizira imelo atamaliza kuonera mafilimu atatu a The Lord of the Rings, amene anatuluka mu 2001, 2002 ndi 2003 aja. Funso lake mwachidule ndi ili: "Koyambirira atiwerengera mphete zitatu, zina 7, zina 9, kenako Imodzi. Imodziyo tinaiona ikusungunuka m'chiphalaphala cha moto. Nanga 19 zinazo zinapita kuti? Ndipo ngati a mbali yabwino anapambana nkhondo, bwanji Galadriel ndi Elrond anakwera chombo n'kuchoka ngati ogonja?"

Achimwene, mafunso anu awiriwa yankho lake ndi limodzi, koma m'filimu simulipeza lonse. J.R.R. Tolkien, mlembi wa nkhaniyi, analimwaza m'malo angapo: m'bukulo lomwe linatuluka mu 1954 ndi 1955, m'masamba akumapeto kwake amene ambiri amangowadumpha, mu The Silmarillion ya 1977, ndi m'makalata ake.

Tiyambe ndi osula. Mphete 19 zija anasula ndi ma Elf (mtundu wosakalamba wa m'nkhaniyi) a ku Eregion, mmisiri wawo wamkulu ali Celebrimbor, m'zaka za m'ma 1500 za Nyengo Yachiwiri ya dziko la m'nkhanimo. Sauron, mdani wamkulu wa m'nkhaniyi, anawafikira ndi nkhope yokongola, akudzitcha Annatar, n'kuwaphunzitsa lusolo. Pa mphete 16 anayikapo dzanja lake. Zitatu Celebrimbor anasula yekha, Sauron osazikhudza n'komwe, koma nzeru yosulira inali yomweyo ya Sauron. Pamenepa mugwirepo, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Cha m'ma 1600 Sauron anasula yake ku phiri lamoto la Orodruin kuti izilamulira zinazo. Ma Elf anazindikira, navula mphete zawo. Mu 1697 Sauron anagwetsa Eregion, napha Celebrimbor, ndipo mphete zimene analanda anayamba kugawira mafumu a mitundu ina.

Za ma Dwarf, mtundu wa anthu afupiafupi okumba migodi, ndiye n'zachidule. Gandalf, nkhalamba yamatsenga, akuuza Frodo, wonyamula Mphete Imodzi, m'mutu wachiwiri wa bukulo kuti mwa mphete 7 zija, zitatu Sauron anazilandanso, zinayi zinathera m'moto wa zinjoka. Ma Dwarf ndi ouma mitu, mphete sizinathe kuwasandutsa mizukwa kapena akapolo. Zinangowathira umbombo wa golide, chuma n'kuchuluka, ndipo chumacho ndicho chinaitana zinjoka. Yomaliza inali ya Thráin, bambo ake a Thorin. Anamugwira n'kumutsekera ku Dol Guldur, linga la Sauron, komwe anamulanda mpheteyo mu 2845 m'Nyengo Yachitatu. Gandalf anamupeza m'ndendemo mu 2850 mutu utasokonekera, ndipo ndi pamene analandira mapu ndi kiyi zimene mumaziona mu The Hobbit. Chomvetsa chisoni n'chakuti abale ake sanadziwe. Balin, m'bale wa Thorin, atapita kukakhazikika ku Moria, mzinda wakale wa ma Dwarf, china chimene ankayembekezera kupezako chinali mphete imeneyi, yomwe inali kale m'manja mwa mdani. Anafera komweko mu 2994. Ndiye Sauron, posachita manyazi, anatuma mthenga kwa Dáin, mfumu ya ma Dwarf, kuti amubwezera mphete zitatu za makolo ake akangomuthandiza kupeza Bilbo, amene anasunga Mphete Imodzi asanaisiyire Frodo.

Pa mphete 9 za anthu m'pamene owerenga amakangana mpaka pano. Amene anazilandira anakhala mafumu, ankhondo ndi amatsenga otchuka, kenako anafwifwa pang'onopang'ono mpaka kusanduka ma Nazgûl, mizukwa ya zovala zakuda ija. Koma kodi mphetezo ankavalabe? Pa msonkhano wa kwa Elrond wokambirana za Mphete Imodzi, Gandalf akuyankhula ngati zili ndi ma Nazgûl. Komatu yemweyo anali atauza kale Frodo kuti Sauron anazisonkhanitsa kwa iye mwini, ndipo Tolkien m'kalata ina ya mu 1963 analemba kuti wosunga mphetezo anali Sauron. Ine ndimatsatira zimenezi, ndipo bukulo likundiikira kumbuyo. Pa phiri la Weathertop Frodo atavala Mphete Imodzi anawaona ma Nazgûl bwinobwino: nkhope zoyera, mikanjo, malupanga, chisoti chachifumu cha mkulu wawo. Mphete pa zala zawo sikutchulidwa. Frodo yemweyu ndi amene anaona mphete ya Galadriel pamene mnzake Sam anangoona ngati nyenyezi pakati pa zala. Éowyn ndi Merry atapha mkulu wa ma Nazgûl pa 15 Malichi 3019, pansi panatsala chovala chopanda munthu, chisoti chitagubudukira uko. Palibe anatola mphete pamalopo.

Tikawerengera, Sauron anali ndi 12: za anthu 9 ndi za ma Dwarf zitatu. Pa 25 Malichi 3019 Gollum analuma chala cha Frodo n'kugwera m'moto pamodzi ndi Mphete Imodzi, nsanja ya Sauron ya Barad-dûr inagumuka, ndipo ma Nazgûl 8 otsalawo anapsa m'moto wa phirilo. Bukulo silizilondolanso mphete 12 zija. Kuganiza kwanga n'kwakuti zinakwiririka m'zigumukire za nsanjayo. Ngakhale wina akanakumba n'kuipeza imodzi, akanangopeza chokongoletsera chala basi.

Ndikutero chifukwa cha zimene zinachitikira zitatu zabwino za ma Elf zija, zomwe zikuyankha funso lanu lachiwiri.

Vilya, ya mwala wabuluu, inachoka kwa Gil-galad kupita kwa Elrond. Nenya, ya mwala woyera, inali ya Galadriel. Narya, ya mwala wofiira, Círdan anaipereka kwa Gandalf atangotsika chombo, ndipo Gandalf anayenda nayo mobisa zaka pafupifupi 2,000. Sizinali zida zankhondo, ndiponso sizinkabisa munthu kuti asaoneke. Tolkien anafotokoza m'kalata ya mu 1951 kuti ntchito yaikulu ya mphete zonse inali kuletsa kapena kuchedwetsa kufota kwa zinthu. Mphete Imodzi itasowa mumtsinje wa Anduin, ma Elf anamasuka kugwiritsa ntchito zitatuzi, ndipo Rivendell, kwa Elrond, ndi Lothlórien, kwa Galadriel, zinaima pa mphamvu imeneyo. Pali kachigawo kena kamene ndimakakonda: atachoka ku Lothlórien, ali pa ulendo wa pamtsinje, Sam akuyang'ana mwezi n'kusokonezeka. Iye akukumbukira mausiku ochepa chabe, koma mwezi ukumuuza kuti akhala kumeneko mwezi wathunthu. Ndi ntchito ya Nenya imeneyo.

Vuto lake, zitatuzi zinalumikizidwabe ku Imodzi ija. Zili ngati nyumba zokoka magetsi pa thiransifoma imodzi: ikapsa, mdima umagwira onse, ngakhale amene sanaphonyepo kulipira. Ma Elf ankadziwa. Pa msonkhano uja Glóin, nthumwi ya ma Dwarf, anafunsa mwachindunji kuti zitatuzo zidzatani Imodziyo ikadzawonongedwa. Elrond anayankha kuti ena akuyembekezera kuti zidzamasuka, koma iye akukhulupirira kuti zidzatha mphamvu, ndipo zokongola zambiri zidzafota n'kuiwalika. Galadriel anamuuza Frodo zomwezo pamaso: akalephera, Lothlórien igwa m'manja mwa mdani, akapambana, Lothlórien ifota. Komabe iye ndi mwamuna wake Celeborn anamupatsa kamba wa paulendo, mabwato ndi mphatso munthu amene ankapita kukagwetsa maziko a mudzi wake.

Choncho amene munawaona padoko aja si ogonja ayi. Anavomera okha kulipira mtengo umenewo. Pa 29 Seputembala 3021, ku Grey Havens, Elrond, Galadriel ndi Gandalf anakwera chombo pamodzi ndi Bilbo ndi Frodo, mphete zitatuzo zili pa zala poyera, popeza panalibenso chobisira. Zinawoloka nyanja kupita Kumadzulo, dziko losafota la kutsidya, zili zathunthu koma zopanda ntchito. Patapita zaka zoposa 100, mfumu Aragorn atamwalira, mkazi wake Arwen, mwana wa Elrond, anabwerera ku Lothlórien n'kupeza kuli zii, mulibenso munthu.

Koma musawamvere chisoni chokhachokha ma Elf. Tolkien mwini sanawasiye opanda mlandu. M'makalata ake anati ankafuna zonse ziwiri: kukhalabe ku Middle-earth, kumene anali apamwamba kuposa mitundu ina, koma nthawi yomweyo kukhala ndi mtendere wosafota wa Kumadzulo. Annatar sanafunike kuwakakamiza, anangowagulitsa chimene mitima yawo inkalakalaka kale. Kwa ine, mbali imeneyi ndi imene filimu inaipeputsa kwambiri. Imatisonyeza mphete zabwino ndi mphete zoipa ngati magulu awiri osiyana, pamene m'bukumo zonse 20 n'zamtundu umodzi, ndipo zimene zinali zitatsala zinatha mphamvu tsiku limodzi.

Pali ina imene simunaiwerenge chifukwa siili m'gulu la 20. Gandalf atafika ku Isengard anapeza wamatsenga mnzake Saruman atavala mphete pa chala, akudzitama kuti nayenso ndi wosula mphete. Gandalf anatchulaponso timphete ting'onoting'ono timene ma Elf a ku Eregion ankasula pophunzira ntchito. M'bukumo Saruman akufera ku Shire, pakhomo pa nyumba ya Frodo, wantchito wake Gríma atamucheka pakhosi, ndipo za mphete yakeyo Tolkien sakutchulanso ngakhale kamodzi.