Funsani a Malume: Laptop yanga yafooka kapena funso ndi limene lavuta?

FUNSO: A Malume, ine ndimaphunzira za makompyuta, pano ndili pa holide kwathu ku Kapata. Anatipatsa ntchito yolemba pulogalamu yosintha zilembo motsata malamulo, ndiye ine ndinafuna izindiuzanso, ndikaipatsa mawu awiri, ngati oyambawo angasanduke achiwiriwo. Laptop inagwira usiku wonse mpaka malaiti anapita, yankho olo. A lecturer akuti pulogalamu yoyankha zonsezo kulibe. Ndi zoona kapena ndigule laptop ina? – Wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Mphwanga, ndalamazo sunga, laptop ilibe mlandu.

Tola zitsekero za mabotolo uyale pamphasa, za Coca-Cola zikhale a, za Fanta zikhale b. Malamulo awiri basi: ab ndi ba ndi chimodzi, komanso aa ukhoza kuchotsa kapena kuikapo. Yala abab, sinthanitsa ziwiri zapakati upeza aabb, chotsa aa watsala ndi bb. Apa n'zophweka, ungowerenga ma b ndi kuona ngati ma a akukwana awiriawiri, watha. Zilembo ndi malamulo owerengeka chonchi ndi zimene akatswiri a masamu amati finitely presented monoid.

Manje vuto limabwera pa malamulo ena amene kuti ukafike pa mawu aafupi uyenera kuyamba watalikitsa mzere, mwina mpaka mphasa kuchepa, ndipo palibe wokuuza kuti utalika kufika pati. Ngati mawuwo alidi ofanana kompyuta idzapeza tsiku lina, koma ngati sali ofanana izingosakabe, iwe uli pomwepo sukudziwa kuti udikire kapena ukagone.

Funsoli analifunsa Axel Thue wa ku Norway mu 1914. Mu 1947 Emil Post ku America ndi Andrey Markov ku Soviet Union, aliyense payekha, anatsimikiza kuti njira imodzi yoyankhira malamulo onse singapezeke. Post anaonetsa kuti ntchito yonse ya makina a Turing (kompyuta yongoganizira imene Alan Turing anafotokoza) ingalembedwe ngati kusintha zilembo, ndiye woyankha funso lakoli angadziwenso ngati pulogalamu iliyonse idzaima, chinthu choti chinadziwika kale mu 1936 kuti sichitheka. Usaganize kuti pamafunika malamulo chikwi kuti funsoli likanike ayi. Katswiri wina, Tseitin, anapeza chitsanzo chokanika cha zilembo 5 ndi malamulo 7 okha, winanso, Matiyasevich, mu 1967 anatsitsa kufika pa zilembo 2 ndi malamulo 3. Ine chimene chimandizunguza mutu ndi cha Markov mu 1951, kuti olo kufunsa chabe ngati mawu onse amathera pa chinthu chimodzi, kapena ngati magulu a mawu ofanana ali ndi malire, nazonso palibe pulogalamu yoyankha paliponse.

Koma homuweki ulembe ndithu, a lecturer sanati zonse zakanika. Ngati lamulo lililonse limafupikitsa mawu, komanso njira zonse zimakathera pamalo amodzi, fupikitsa mawu onse awiri mpaka pomaliza uwayerekeze. Yesa njira ya Knuth ndi Bendix ya 1970 imene imawonjezera malamulo osowa, kungoti nthawi zina nayonso simaima, choncho uiikire malire a masitepe. Ndipo za monoid ya lamulo limodzi lokha, ngati funsoli limayankhika nthawi zonse kapena ayi, mpaka lero akatswiri akulimbana nazo.