Mbaula yanu siyoonongeka, vuto ndi nkhuni komanso mpweya

Achemwali, ndawerenga funso lanu lija, kuti mwaikitsa mbaula yatsopano ya nkhuni, ya chitseko chagalasi ndi chumuni chake, koma ikununkha, galasi likuda bii tsiku limodzi lokha, poyatsa utsi ukubwerera m'nyumba, ndipo mukufunsa ngati mungamadzazemo nkhuni usiku nkutseka mpweya kuti moto ufike mmawa. Ndaona ena akuuzani kale kuti ibwezeni ndiyoonongeka. Ayi musathamangire kubweza. Ine zonsezi ndinadutsamo chaka choyamba, ndipo pa zinthu zinayi mwatchulazi chimene chikundidetsa nkhawa zenizeni ndi chomalizacho, zinazo nzokonzeka sabata yomwe ino.

Za fungo ndisatayepo nthawi. Ndi penti ameneyo, penti wa mbaula amalimba bwino pokhapokha atatenthedwa, nde masiku oyambirira kumamveka fungo ngati chinthu chikupserera, penanso kautsi pang'ono kamafuka pachitsulopo. Sonkhani timoto ting'onoting'ono katatu kanayi, ulendo uliwonse muzikuzako pang'ono, mawindo ali otsegula, ndipo pakati pake muziisiya izizire kaye. Fungolo limatha lokha. Koma likapitirira masabata, kapena likumveka ngati thabwa likupsa chakukhoma, imeneyo ndi nkhani ina, zimitsani muitane amene anakuikiraniyo.

Tsopano nkhuni, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauponya mu mbaula, moto umayamba kaye kulimbana ndi madziwo, kuwawiritsa kuti atuluke ngati nthunzi, nde kutentha komwe kukanalowa m'chipinda mwanu kukuthera pamenepo, inu muli phee kudikira nyumba ifunde koma osafunda. Nkhuni zoyenera zimafunika chinyezi chisapitirire 20 peresenti. Ndipo chikuni chimatha kuoneka chouma kunja, khungwa lake lotuwa bwinobwino, mkati chili chonyowa. Ine ondigulitsa anachita kunditsimikizira kuti zauma, ndinakhulupirira, koma nditaika pamoto ndinangomva kuti tswiii, kumapeto kwa chikuni kukutuluka thovu. Mukamva kaphokoso kameneko dziwani kuti mukuwiritsa madzi, simukuotha moto.

Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, moisture meter, kamakhala ndi timisomali tiwiri. Koma poyeza musabaye kunja, wazani chikunicho pakati ndi nkhwangwa mubaye pomwe mwangowaza kumenepo, ndi pamene pamanena zoona. Ngati mulibe, menyanitsani zikuni ziwiri, zouma zimalira kuti ngwee, zaziwisi zimangoti phu. Zouma zimapepukanso ndipo kumapeto zimakhala ndi ming'alu. Mitengo yofewa ngati paini imauma msanga, miyezi 6 mpaka chaka, pamene yolimba ija imatha kutenga zaka ziwiri, komatu iume itawazidwa kale, yosanjidwa pamwamba osati pansi padothi, pamwamba pofolera koma m'mbali mosatseka kuti mphepo izidutsa. Chinthu chomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi kukutira mulu wonse ndi pulasitiki mpaka pansi, zimangochita thukuta mmenemo nkuyamba nkhungu. Nkhuni zouma bwino kilo imodzi imapereka kutentha pafupifupi 4 kWh, ngati mayunitsi 4 a magetsi, zaziwisi zimakubwezerani mwina theka lake, nde olo zitaoneka zotchipa mukugula madzi.

Galasi lakudalo ndi mboni chabe, likukuuzani zomwe zikuchitika mkati. Utsi ndi mafuta a nkhuni amene sanapse. Moto ukakhala wotentha bwino ndipo mpweya ukukwanira, utsiwo umayakanso mkati momwemo, mumaona timalawi tikuvina chakumwamba kwa mbaula, ndipo mukatuluka panja kuyang'ana kuchumuni simuona utsi wakuda, mumangoona mpweya wotentha ukunjenjemera basi. Koma mukaika zaziwisi kapena kutseka mpweya msanga, utsi umamata pagalasi, ndipo chomwe chamata pagalasicho ndi chomwechonso chikumata mkati mwa chumuni komwe simukuonako. Mbaula zambiri zili ndi poseguliramo mpweya pawiri, wapansi ndi wapamwamba. Nkhuni zimakonda mpweya wochokera pamwamba, wapansiwo ndi wothandiza poyatsa basi, moto ukagwira mutseke wapansi muziyendetsa ndi wapamwamba, womwewonso ndi umene umatsika motsatira galasi nkumalitsuka. Kuti muchotse mwaye womwe ulipo kale, dikirani lizizire, nyowetsani pepala, ligunditseni pa phulusa loyera la nkhuni mupukutire, kenako mupukutenso ndi louma. Musakande ndi mpeni.

Za utsi kubwerera poyatsa, nthawi zambiri ndi chumuni chozizira. Kunja kukazizira kwambiri mpweya wa m'chumuni umalemera, umakhala ngati chivindikiro, nde kautsi koyamba kamalephera kukwera nkubwerera kwa inu. Musanayatse tsegulani chitseko cha mbaula muikemo dzanja, mukamva kamphepo kozizira kakutsika dziwani kuti zivuta. Pindani nyuzipepala muiyatse muigwire chakumwamba mkatimo kwa kamphindi kuti chumuni chifunde chiyambe kukoka. Tsegulaninso windo pang'ono, ndipo ngati fani yotulutsa mpweya kukhitchini kapena kubafa ikuzungulira izimitseni kaye, chifukwa imakoka mpweya wa m'nyumba kutulutsa panja nde nyumba imabwezera pokoka kudzera m'chumuni. Zimenezi zimachitika kwambiri m'nyumba zotseka bwino zopanda mipata.

Kayatsidwenso kamathandiza. Ambirife tinazolowera kuika timitengo pansi zikuni pamwamba, ine ndikuti tembenuzani. Zikuni ziwiri zokulirapo pansi, pamwamba pake timitengo touma topingasa, koyatsira pamwamba penipeni, mpweya wonse wotsegula. Moto umayamba pamwamba kumatsika, chumuni chimafunda msanga ndipo utsi umachepa kwambiri. Poyamba ndinkakayika kuti moto ungatsike bwanji koma umatsika ndithu. Palafini kapena petulo ayi, olo dontho, mu chinthu chotseka ngati chimenechi amaphulika. Powonjezera nkhuni dikirani malawi achepe patsale makala ofiira, tsegulani mpweya kaye, chitseko mutsegule pang'onopang'ono osati mwamphamvu, ikani ziwiri zokha, zisiyeni zigwire bwino mphindi zingapo nde muchepetse mpweya.

Nde tifike pa za usiku zija. Chonde achemwali musamadzaze mbaula nkuitseka mpweya kuti izingonyeka mpaka kucha. Ndikumvetsa chifukwa chake, palibe amafuna kudzuka m'nyumba mozizira kuyambanso kukoleza, komanso zimaoneka ngati mukusunga nkhuni. Koma moto wonyeka chonchi ndi umene umapanga zinthu ziwiri zoopsa. Choyamba ndi creosote, phula lakuda lomata lija, limapangika utsi ukazizira m'chumuni usanatuluke, makamaka paipi ya chumuni ikakhala pansi pa madigiri 120 a Celsius. Limaunjikana mwakachetechete miyezi ingapo, kenako tsiku lina mwasonkha moto waukulu limagwira, chumuni chimayaka mkati ndi mkokomo ngati chimphepo ndipo kutentha kwake kumatha kupitirira madigiri 1000, kokwanira kung'alula chumuni nkuyatsa denga. Zikachitika tsekani mpweya wonse ndi chitseko cha mbaula, tulutsani anthu onse panja, imbani kwa ozimitsa moto, osathira madzi mu mbaulamo.

Chachiwiri ndi carbon monoxide, mpweya wapoizoni, ndipo imeneyi ndi imene imandiopsa kwambiri chifukwa sinunkha, sioneka, sikhosomoletsa. Imatuluka moto ukamayaka mpweya uli woperewera. Ikalowa m'thupi imagwira magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo opitirira 200, nde munthu amangomva mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka, kumaganiza kuti ndi chimfine, ndipo amene ali mtulo sadzuka nkomwe. Mukaona kuti nonse m'nyumba mutu ukuwawa nthawi imodzi koma mukatuluka panja mukupezako bwino, musadikire, tulukani, tsegulani zitseko, pitani kuchipatala. Nde ngati mulibe alamu ya carbon monoxide, musayatsenso mbaulayo mpaka mutagula, ndikunena motsindika. Alamu ya utsi ndi ina, iyi ndi inanso, mukufunika zonse ziwiri, ndipo muziiyesa podina batani lake.

Chomwe ndimachita ine, kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti tigone ndimaika nkhuni zomaliza, ndimazisiya ziyake ndi malawi mpaka zisanduke makala, nde ndichepetse mpweya. Chitsulocho chimapitiriza kutulutsa kutentha kwa nthawi, makatani otseka, zitseko za zipinda zosagwiritsa ntchito zotseka, mmawa simuzizira ngati mmene mukuganizira. Madzulo omwewo ndimasanjiratu timitengo pambali kuti mmawa ndingoyatsa. Pali mbaula zina zopangidwira kuyaka maola ambiri, ngati yanu ndi yotero buku lake linena ndipo tsatirani mmene lanenera, koma osangoganizira.

Kachipangizo kena kotsika mtengo koma kothandiza ndi thermometer ya maginito yomata pa paipi. Muziyesetsa muvi wake uzikhala pakati pa madigiri 150 ndi 250. Ukatsika mukupanga phula lija, ukakwera kwambiri mukuononga mbaula, zitsulo zamkati zimapindika ndipo nkhuni mukungozitayira kumwamba. Chitsulo chikayamba kufiira mwapitirira kale.

Mwatinso nyumba siikufunda yonse. Pang'ono ndi nkhuni zija, koma dziwaninso kuti mbaula imafunditsa kwambiri chipinda chomwe ilimo. Powerengera mwachidule anthu amati 1 kW ya mphamvu ya mbaula pa ma cubic metre 14 a kukula kwa chipinda, nde ya 5 kW ndi ya pabalaza pabwinobwino osati nyumba yonse ya zipinda zambiri. Kuti kutentha kufike kwina, ikani kafani pansi pakhomo la chipinda chozizira kaziuzira mpweya wozizira kuloza kumbaula, wofundawo umalowa wokha chakumwamba. Zimagwira bwino kuposa kuyesa kukankha wotenthawo. Ndipo ngati pansi pa zitseko ndi m'mawindo mukulowa mphepo tsekani mipata imeneyo, kupatula kabowo kamene anakuikirani kolowetsa mpweya wa mbaula, kameneko musakatseke olo kakuzizira bwanji.

Phulusa musamachotse lonse, nkhuni zimayaka bwino pa phulusa la masentimita awiri atatu. Lomwe mwachotsalo ikani mu ndowa yachitsulo yokhala ndi chivindikiro muitulutse panja kutali ndi khoma, chifukwa makala amabisala mmenemo amoyo masiku angapo ndipo amapitiriza kutulutsa mpweya woipa uja. Mu katoni kapena mu jumbo ayi. Matabwa opaka penti, othiridwa mankhwala, plywood, pulasitiki ndi zinyalala musaotche, utsi wake ndi poizoni kwa inu ndi oyandikana nawo, komanso zimadya chumuni.

Muonenso mu buku lake mpata umene akunena pakati pa mbaula ndi khoma, mipando, makatani, muyeze ndi tepi osati ndi maso. Thabwa lomwe likutenthedwa tsiku ndi tsiku limauma mpaka limadzagwira moto mosavuta kuposa kale. Nkhuni musazitsamiritse ku mbaula kuti ziume, zovala musayanike pamwamba pake. Ngati muli ndi ana aang'ono ikani chotchinga, galasi lija limaotcha khungu kungolikhudza kamodzi.

Chumuni chizisesedwa kamodzi pachaka, ndipo poti inu mwakhala mukuotcha nkhuni zokayikitsa ndi mpweya wotseka, ine nkanaitana wosesa adzaone pakati pa nyengo yozizira ino osadikira ithe. Mawa wazani chikuni chimodzi muyeze, mujambule nambala yomwe yatuluka pamodzi ndi poseguliramo mpweya pa mbaula yanuyo muike pano tione.